Wophunzira Akasamuka, Zaka Zake Zisamuke Naye

Mwa nkhani zonse za sukulu za ukachenjede zimene zimveka m'dziko muno chaka ndi chaka, monga ya kukwera kwa fizi, ya kuchepa kwa malo ogona, ndi ya mndandanda wa osankhidwa umene makolo amaudikira mtima uli m'mwamba, ilipo ina imene sikambidwa pabwalo, chinkana ikhudza nyumba zambiri ndipo idya chuma cha mabanja mwakachetechete. Ndiyo nkhani ya mwana amene, atalowa kale pa yunivesite ina nakhalapo chaka chimodzi kapena ziwiri, apezeka kuti ayenera kusamukira pa yunivesite inzake asanatsirize digiri yake. Ine mawu anga ndi akuti mwana wotere aloledwe kusamuka pamodzi ndi zaka zimene anakhetsera thukuta, ndipo njira yosamukirayo ikhale imodzi, yolembedwa, ndi yodziwika kwa mwana wa mfumu ndi mwana wa mlimi mofanana.

Tisafulumire kuganiza kuti ofuna kusamuka ndiwo ana a mitima iwiri okha, pakuti zifukwa zosamukira zambiri sazisankha mwana. Malume amene ankalipira fizi pa yunivesite ya mpingo atsikira kuli chete, ndipo otsala sangathe kusenza mtolowo. Mwana wachisamba wa ku Nsanje ali pasukulu ku Mzuzu pamene amayi ake agwidwa ndi matenda a mgonagona, ndipo ulendo umodzi wokawaona udya ndalama yonse ya chakudya cha mwezi. Wina adwala impso, nayenera kukhala pafupi ndi makina otsuka magazi a ku chipatala cha Queen Elizabeth kapena cha Kamuzu Central. Wina anasankha maphunziro ake akali kamnyamata kongotsiriza Fomu 4, kosaona konse m'kati mwa labotale, ndipo azindikira m'chaka choyamba kuti mphatso yake ili kwina. Alipo ena amene maphunziro a pasukulu pawo akanizidwa chivomerezo ndi bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE iwo ali pakati paulendo. Ndipo sitinaiwale chaka cha 2011, pamene mkangano wa ufulu wa aphunzitsi unaimitsa maphunziro pa Chancellor College kwa miyezi yambiri, ana nakhala kumudzi osadziwa tsiku lobwerera. Onsewa sanachimwe kanthu, ndipo sichilungamo kuwabwezera m'chaka choyamba ngati kuti sanaonepo khomo la yunivesite.

Kusamuka kotere si chinthu chachilendo m'mbiri yathu. Kaya munthu amkumbukira motani pa za ulamuliro wake, mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr. Hastings Kamuzu Banda, anali wophunzira wosamuka. Atatsiriza sukulu ku Wilberforce m'chigawo cha Ohio mu 1928, analowa pa Indiana University kukonzekera za udotolo; ndipo atakhalapo zaka ziwiri anasamukira ku University of Chicago, kumene analandira digiri yake yoyamba mu 1931, patangopita zaka zitatu chichokere ku Wilberforce, chimene chisonyeza poyera kuti zaka za ku Indiana sizinatayidwe kudzala. Ku Chicago komweko ndiko anathandiza katswiri wa ziyankhulo Mark Hanna Watkins, amene buku lake la galamala ya Chichewa linatuluka mu 1937. Chotero chiyankhulo chimene ndikulembachi chinapindula ndi kusamuka kwa wophunzira mmodzi. Komatu munthu yemweyo analawanso mbali yowawa ya nkhaniyi, pakuti atalandira udotolo ku Meharry Medical College mu 1937, anapeza kuti maiko a pansi pa Britain safuna kuwerenga pepala la ku America, nayenera kupita ku Edinburgh kukakhalanso pansi kufikira 1941.

Ndipo taonani chitsanzo china chapafupi. Pamene sukulu ya madotolo inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ophunzira ake oyamba anali ana athu amene anayambira maphunziro awo ku Britain, nabwera kudzatsirizira kuno, nalandira digiri ya University of Malawi mu 1992. Ndipo pambuyo pawo panadza ena ochokera ku Australia ndi ku South Africa. Palibe amene anati madotolo amenewo ngoperewera chifukwa anaphunzira pa sukulu ziwiri. Ngati dziko linakhoza kuwerenga zaka zochokera kutsidya kwa nyanja pa maphunziro okhudza moyo wa munthu, chingatilepheretse n'chiyani kuwerenga masamu a chaka choyamba ochokera ku Thyolo kupita ku Zomba?

Kale funso ili linalibe mphamvu, popeza yunivesite inali imodzi yokha, yokhazikitsidwa mu 1964, imene inayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu 1965, makoleji ake onse nakhala pansi pa denga limodzi. Koma Mzuzu University inatsegula zitseko mu 1999, University of Livingstonia mu 2003, Catholic University ku Nguludi mu 2006. Bunda inapatuka nikhala mutu wa LUANAR mu 2012, MUST inalandira ophunzira ku Ndata mu 2014, ndipo mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS pamene makoleji a udotolo ndi unamwino anaphatikizana nakhala KUHeS. Kuchuluka kumeneku n'dalitso ndithu, koma kwachulutsanso mipanda, pakuti yunivesite iliyonse ili ndi bwalo lake la akuluakulu a maphunziro, lokhala ndi mphamvu yonena chimene ilandira ndi chimene ikana. Mwana wofuna kusamuka ayenda ndi mapepala ake kuchoka pa ofesi kunka pa ofesi, ndipo zambiri zitsamira pa kukoma mtima kwa amene wampeza pampando tsiku limenelo. Chodabwitsa n'chakuti munali mumzinda wathu wa Blantyre, mu 1997, mmene atsogoleri a maiko a SADC anasaina pangano la maphunziro, nalonjeza kusungira ophunzira a maiko anzawo malo osachepera 5 pa 100 alionse, ndi kukonza njira yoti maphunziro ochitidwa pa yunivesite ina awerengedwe pa inzake m'chigawo chonse. Chimene tinalonjeza alendo tiyenera kuyamba kuchichitira ana a m'nyumba mwathu.

Mipingo yathu inathana nayo kale nkhani yonga iyi. Mkhristu wa ku Nkhoma akasamukira ku Ndirande atenga kalata kwa abusa ake, ndipo akafika aipereka kwa akulu a mpingo. Sambwezera m'kalasi, samubatizanso, koma amlandira pa mlingo umene anafikapo, chifukwa mipingo iwiriyo igwirizana pa chimene iphunzitsa ndipo ikhulupirirana pa umboni wa kalata. Chimene chisowa pakati pa mayunivesite athu ndicho chikhulupiriro chomwecho, chomangidwa pa mgwirizano wolembedwa.

Tsono ndisabise kuti otsutsa ali ndi mawu olemera, ndipo ayenera kuyankhidwa mwaulemu. Ena ati malo m'mayunivesite a boma ngochepa, ndipo chaka chilichonse ana ambirimbiri okhoza bwino mayeso a MSCE atsala kunja. Mukatsegula khomo la osamuka, mwana wa munthu wachuma amene sanasankhidwe adzalowa pa yunivesite yolipira, nadikira chaka chimodzi, nalowera kukhomo lakumbuyo pa malo amene mwana wa mmphawi anawaphonya ndi poyinti imodzi. Mantha amenewa ngoona, ndipo ine ndiwamva. Koma yankho lake ndi kuika mlonda wokhulupirika pakhomo. Wosamuka asalande malo a m'chaka choyamba. Alowe pa mipando imene itsala yopanda munthu m'chaka chachiwiri ndi chachitatu, pamene ena asiya sukulu chifukwa cha umphawi kapena matenda, ndipo ena, monga anena ophunzira eni ake, awidedwa. Mipando imeneyi ilipo, mphunzitsi alandira malipiro ake onse kaya m'kalasi mwatsala anthu angati, ndipo kuisiya yopanda munthu pamene mwana wakhama ali panja n'kuononga chuma cha dziko. Chiwerengero cha mipandoyo chilengezedwe m'nyuzipepala, ofuna apikisane poyera monga mwa magiredi awo a pa yunivesite, ndipo khomo lakumbuyo lidzasanduka khomo loonekera kwa onse.

Ena ati digiri inyamula dzina la yunivesite, ndipo yunivesite singaike chidindo chake pa munthu amene sinamuumbe yokha. Awanso alankhula zoona, pakuti si kosi iliyonse yokhala ndi dzina lofanana imene ili ndi kulemera kofanana, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chifukwa chake zowerengedwa zikhale zochokera ku maphunziro ovomerezeka ndi NCHE okha. Pamene pali chikaiko, mwana alembe mayeso a kosi imene akuti anaidutsa, m'malo moibwereza chaka chathunthu. Ndipo pakhale malire a zimene munthu angabwere nazo. Anzathu a ku South Africa atsata mwambo wakuti wophunzira achite zosachepera theka la digiri pa yunivesite imene idzampatsa pepala, ndipo ine ndiona kuti mlingo umenewo ungatiyenere ifenso, popeza usunga ulemu wa sukulu yolandira popanda kufafaniza ntchito ya sukulu yotumiza.

Kuti zonsezi zitheke pafunika muyeso umodzi. Maiko a ku Ulaya, pozindikira kuti ana awo ayenda kuchoka dziko lina kunka lina, anayamba mu 1989 kuyesa maphunziro ndi makirediti, nagwirizana kuti chaka chathunthu chikhale makirediti 60, iliyonse yoimira maola a ntchito 25 kufikira 30. Ndipo mu 1999 nduna za maphunziro za maiko 29 zinakumana ku Bologna m'dziko la Italy kulimbitsa mgwirizanowo. Ku South Africa kirediti imodzi iimira maola 10, ndipo chaka chikhala ndi 120. Kaya titsata uwu kapena uwo zilibe kanthu, malinga muyesowo ulembedwe pa chikalata cha magiredi cha mwana aliyense m'mayunivesite onse, pamodzi ndi mitu ya zimene anaphunzira, kuti wochiwerenga ku Lilongwe amve chimene anatanthauza wochilemba ku Mzuzu. Ndipo tichenjere ndi phunziro la ku America, kumene kusamuka n'kofala kwambiri koma mgwirizano pakati pa sukulu ngwachigamba: ofesi ya boma yofufuza za kayendetsedwe ka chuma kumeneko inapeza mu 2017 kuti ophunzira amene anasamuka pakati pa 2004 ndi 2009 anataya pafupifupi 43 pa 100 ya makirediti awo. Kulola munthu kulowa pamene mwamlanda theka la katundu wake pachipata sikumthandiza kwenikweni.

Ndiponso mtengo wa chaka chobwerezedwa sugwera mwana yekha. Makolo alipira kawiri phunziro limodzi. Ngati mwanayo aphunzira ndi ngongole ya bungwe lobwereketsa ophunzira limene linakhazikitsidwa mu 2015, ngongole yake ikula, ndipo ndalama imene ikanathandiza mng'ono wake wa munthu wina ithera pa kosi imene inakhozedwa kale. Dziko nalo lidikira chaka china lisanalandire namwino, mphunzitsi kapena injiniya amene linamfuna dzulo.

Kwa inu ana athu amene mtima wanu uli pa kusamuka ndinenanso mosapsatira, pakuti kukonda munthu ndiko kumuuza zoona. Musachoke chifukwa mnzanu wa pamtima ali ku Zomba, kapena chifukwa semesita yoyamba yakuwawani, popeza semesita yoyamba iwawa paliponse. Makolo athu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Koma ngati chifukwa chanu n'chenicheni, musatule pansi malo amene muli nawo musanagwire m'manja kalata yokulandirani kumene mukupitako. Tengani chikalata cha magiredi anu chodindidwa, ndi mapepala ofotokoza za m'kati mwa kosi iliyonse imene munaidutsa. Funsani kwa rejisitala kuti ndi makosi ati amene adzawerengedwa ndi chaka chiti chimene mudzalowamo, ndipo yankho likhale lolembedwa ndi losainidwa, chifukwa lonjezo la pakamwa liiwalika msanga munthu akasinthidwa paudindo. Funsaninso za ngongole yanu musananyamuke, ndipo ngati maphunziro anu ngaunamwino, udotolo kapena malamulo, dziwani ngati bungwe lopereka chilolezo cha ntchitoyo lidzavomereza njira imene mwayendamo. Safunsa anadya phula.

Koma mtolo waukulu suyenera kukhala pamutu pa mwana wa zaka makumi awiri. Bungwe la NCHE, limene lamulo la 2011 linalipatsa udindo woyang'anira maphunziro apamwamba, ndipo ndilo lisonkhanitsa kale mayunivesite a boma pa ntchito yosankha ophunzira, liitane akuluakulu a mayunivesite onse ovomerezeka, a boma ndi a mipingo omwe, agwirizane poyamba pa makosi a chaka choyamba amene aphunzitsidwa pafupifupi paliponse, monga masamu, sayansi zoyambira ndi luso la kulemba, kuti amene wawadutsa pa sukulu ina asawabwerezenso pa inzake. Aike nyengo imodzi pachaka yolandirira makalata a ofuna kusamuka, ndi masiku owerengeka oyankhira. Wokanidwa auzidwe chifukwa chake m'kalata, napatsidwe bwalo lina kumene angakadandaule. Ndipo malamulowo asindikizidwe m'Chingerezi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, kuti kholo limene ligulitsa fodya kapena mbuzi polipira fizi liwawerenge lokha lisanalole mwana wake kunyamula chikwama.