Mbale Kapena M'bale: Mlandu Ngwa Yani?

Pa tchuthi chapitachi ndili kwathu ku Madziabango, mlongo wanga wa Fomu 4 anandipatsa foni yake nati, "Achimwene, tandimasulirani apa." Linali buku la Chichewa la m'kalasi, limene amatumizirana pa WhatsApp popeza la pepala ndi losowa. Pa tsambalo mkulu wina anali kulira maliro a "mbale" wake, ndipo m'munsi mwake anyamata anali kuomba "ngoma". Mwanayo anafuna kudziwa kuti mbale yodyera nsima inayamba liti kuliridwa maliro, nanga nyama ya kutchire inalakwanji pa gule.

Ndinaseka, koma kuseka kwake kunali kwa manyazi. Nkhodolero yokha, kachizindikiro kochepetsetsa kaja, itagwa, m'bale anasanduka mbale, ng'oma inasanduka ngoma. Ndime zina zinalumikizana ngati matumbo a nkhuku, ndipo pamene panali ŵ panatsala kabokosi. Mwana ameneyu adzalemba MSCE ataloweza zimenezi.

Anzanga ambiri pano pa koleji ndikawafunsa amati alakwa ndi makina. Inde, makina ojambula tsamba ndi kulisandutsa zilembo anazolowera Chingerezi, ndipo akakumana ndi Chichewa amangolota. Koma kodi khasu likadula chimanga m'malo mwa udzu, timazenga mlandu khasu? Alipo munthu amene anajambula bukulo, naona kuti latuluka, osawerenga ngakhale tsamba limodzi.

Ena amati malamulo a kalembedwe ndi osokoneza. Bodza limenelo. Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972, inatulutsa malamulo mu 1973, ndipo anakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Kuyambira 1996 ntchitoyi ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba. Tikhoza kukangana za ŵ mpaka tambala woyamba, koma za m'bale ndi mbale palibe anakanganapo.

Osindikiza mabuku ali ndi mbali yawo, ndipo sindiwasiya. Buku likatha m'sitolo osalisindikizanso, kapena osatulutsa okha la pa foni lokonzedwa bwino pa mtengo woti mayi wogulitsa tomato angakwanitse, asadabwe akaona lakuba lili ponseponse. Pamenepo wolemba sapeza ngakhale tambala, ndipo dzina lake ndi limene limanyozeka, pakuti wowerenga sadziwa kuti zolakwazo si zake.

Koma chala changa chikuloza ife, ophunzira ndi aphunzitsi a pano. Buku limene linali m'foni ya mlongo wangayo ndinalitsata kumene linachokera. Anamupatsa ndi mnzake, mnzakeyo anapatsidwa ndi msuweni wake, msuweniyo analitenga pa gulu lathu lomweli la ophunzira. Ndipo amene analiponya pa gulupo chaka chatha, ndikuulula, ndine. Ndinalilandira usiku, ndinaona chikuto, ndinalitumiza, anthu nandithokoza. Nkhani ya Chingerezi ikakhala ndi chilembo chimodzi chopotoka timachita manyazi, timaibweza. Ya Chichewa timati "bola zikumveka". Ulesi umenewu tauveka dzina loti kuthandiza osauka, chonsecho mwana wa kumudzi ndiye alibe buku lina loyerekezera, alibenso laibulale pafupi.

Pamene a Jack Mapanje ndi anzawo anayambitsa Writers' Workshop mu 1970, zolemba zinali kutayipidwa pa sitensulo, ndipo chilembo cholakwa chinali kufutidwa ndi mankhwala chimodzichimodzi. Ife batani lofufutira lili pa chala, koma nthawi akuti tilibe.

Ndabwereka buku la pepala kwa mphunzitsi wina wopuma, ndipo ndalemba zolakwa zonse kufikira tsamba 40 kuti ndimutumizire mwanayo. Masamba otsalawo ndibwera nawo ku msonkhano wathu ukubwerawu, pamodzi ndi zolembera zofiira zitatu.