Chimbale Chimodzi Si Beethoven Yense

Mnzanga wina wa m'kalasi mwathu ali ndi zimbale za masimfoni onse 9 a Ludwig van Beethoven, zomwe Herbert von Karajan anajambula ndi gulu la Berlin Philharmonic n'kuzitulutsa mu 1963. Amazimvetsera mpaka amachita kudziwa pomwe lipenga lililonse lilowere. Tsiku lina ndinamuikira simfoni yachisanu, koma ya m'zimbale za John Eliot Gardiner za mu 1994. Mphindi imodzi isanathe anali atakwinya kale nkhope. "Awa akuthamangira kuti? Nyimbo aiwononga," anatero.

Ine ndikuti sanaiwononge. Mnzangayu wasokoneza chimbale ndi nyimbo.

Beethoven anamwalira mu 1827, pomwe Thomas Edison anapanga makina ojambula mawu mu 1877, patapita zaka 50. Choncho palibe munthu wamoyo amene anamvapo momwe nyimbozi zinkamvekera pamaso pa mwini wake. Chomwe anatisiyira ndi pepala. Ife ophunzira zachilankhulo tikudziwa kupereŵera kwa pepala. Mukalemba mawu akuti "mtengo", simunanene ngati ndi wa mango kapena wa shuga pamsika, chifukwa kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu. Wowerenga ndiye amasankha. Wotsogolera gulu la oimba nayenso ndi wowerenga.

Karajan anawerenga ndi gulu lalikulu la zida zamakono, ndipo mawu ake ndi olemera, osalala ngati mafuta. Gardiner anagwiritsa ntchito zida zofanana ndi za m'nthawi ya Beethoven, monga mavayolini a nsambo za matumbo a nyama, ndipo anayesa kutsatira manambala a liwiro omwe Beethoven anafalitsa mu 1817. N'chifukwa chake akumveka ngati wothamanga. Komatu sindikunena kuti iye ndiye wapeza choonadi, popeza akatswiri akhala akukangana ngati manambalawo ayenera kutsatidwa ndendende.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi mphamvu ya kubwereza. Chimbale sichisintha, lero, mawa ndi mkuja chimaimba chimodzimodzi, mpaka khutu limatenga chizolowezi ngati lamulo. Izi ndinaziona kwathu. Mng'ono wanga atawerenga nthano ya Kalulu m'buku la kusukulu, anayamba kudula agogo pakamwa kuti akulakwitsa, chikhalirecho iwo anaimva nthanoyo bukulo lisanasindikizidwe. Agogo anangoseka, koma usiku umenewo sanaimalize. Ife amene timapita kumidzi ndi makina kukajambula nthano ndi nyimbo pa kafukufuku wathu, tizikumbukira kuti tikubwerako ndi kanenedwe ka munthu mmodzi, ka tsiku limodzi.

Mnzanga uja akadali pa Karajan, ndipo kunena zoona, pa gawo lachiwiri la simfoni yachisanu ndi chiwiri inenso ndimabwerera komweko. Sabata yatha anandibwereka zimbale za Gardiner, ati akufuna kutsimikiza kuti n'zoipadi. Mpaka lero sanabweze.