Buku la Jules Verne lifike kwa Wimbe m'Chichewa

Buku la Jules Verne, L'Île mystérieuse, liyenera kumasuliridwa m'Chichewa kuti ana a kwa Wimbe ku Kasungu aliwerenge. Linkatuluka pang'onopang'ono m'magazini ya wosindikiza mabuku Hetzel ku Paris kuyambira 1874 mpaka 1875, Hetzelyo atakana zolemba zoyamba poona kuti sayansi inachepamo. Ena anganene kuti nkhani ya anthu asanu ogwera pachilumba siikhudza mwana wa ku Kasungu, kutali chonchi ndi nyanja yamchere. Komatu ntchito zawo n'zathu zomwezi: amaumba njerwa n'kuziwotcha, amabzala njere imodzi ya tirigu, nakolola, nabzalanso mpaka tiriguyo atachuluka, ndipo atapeza fodya kuthengo amamuumitsa okha. Mwana wokulira pafupi ndi chigafa angazimvetse msanga zimenezi kuposa mnzake wa ku Paris.