Mayi amene sayankha uthenga ndiye woyamba kumufunafuna

Aliyense amene ali ndi foni ya m'manja waona kuti mauthenga otsatsa malonda sabwera mwachisawawa. Munthu amene amagula bandulo tsiku ndi tsiku amalandira uthenga wake. Wina amene watha sabata zingapo osathira mayunitsi amalandira womunyengerera kuti abwerere. Makampani amaika makasitomala awo m'magulu potengera zochita zawo: wagula liti komaliza, amagula kangati, amawononga ndalama zingati, amatsegula uthenga kapena amangoudutsa. Akatero, khama lalikulu amaliika pa amene akuyankha. Amene akhala chete kwa nthawi yaitali amawayesa kamodzi kapena kawiri, kenaka n'kuwachotsa pa mndandanda, chifukwa uthenga uliwonse ndi ndalama ndipo wamalonda sathirira mtengo wouma.

Nzeru imeneyi yafika m'zipatala zathu. Pa sikelo ya amayi oyembekezera tsopano timalemba manambala a foni, ena atsegula magulu a WhatsApp a amayi, ndipo mabungwe otithandiza amabwera ndi makompyuta otumiza mauthenga okumbutsa masiku. Ine ndikuti kugawa anthu m'magulu n'koyenera ndipo tichite. Koma tikatenga njira ya amalonda monga momwe ilili, tidzataya anthu enieni amene chipatala cha mpingo chidamangidwira. Kwa wogulitsa, amene wakhala chete ndi kasitomala wosapindulitsa. Kwa mzamba, ameneyo ndiye wofunika kuyamba naye m'mawa.

Tiyambe ndi chifukwa chake uthenga umodzi wa aliyense suthandiza. Mu 2016 bungwe la WHO lidalangiza kuti mayi woyembekezera azionedwa ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, ndipo ulendo woyamba ukhale mimba isanapitirire sabata 12. Mayi wa miyezi itatu afunika kumva za mapiritsi owonjezera magazi ndi kugona m'neti. Wa miyezi isanu ndi itatu afunika kumva za zizindikiro zoopsa, monga kutaya magazi, mutu wosaleka, kutupa nkhope ndi manja, mwana kusiya kusewera m'mimba, komanso za kukonzekera ulendo wa kuchidikiro. Amene wachira kale akufuna tsiku la katemera wa mwana. Mukawatumizira onsewa mawu amodzimodzi, posakhalitsa aliyense amazolowera kuti za kuchipatala sizimukhudza, ndipo tsiku limene uthenga wofunikadi ufika, amaufufuta pamodzi ndi wa mabandulo.

Izi si zachilendo kuno kwathu. Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chidayamba ku Balaka mu 2011 ndipo pambuyo pake chidafalikira dziko lonse pa nambala ya 54747, chinkatumiza malangizo molingana ndi msinkhu wa mimba kapena wa mwana, ndipo mayi ankatha kusankha uthenga wolembedwa kapena womvera m'khutu. Ku South Africa boma lidakhazikitsa MomConnect mu 2014 pa mfundo yomweyo. Kugawa amayi potengera pamene afika pa ulendo wawo ndi chinthu chimene palibe mzamba angatsutse.

Vuto limayamba pamene tiyamba kugawa potengera mayankho. Pa kompyuta pamaoneka magulu okongola: oyankha msanga, oyankha mwa apo ndi apo, osayankha konse. Funso limene sitidzifunsa ndi lakuti kuyankha uthenga kukutiuza chiyani za mayiyo. Nthawi zambiri kumatiuza kuti ali ndi foni yakeyake, amatha kuwerenga, ali ndi potchajira, ali ndi kangachepe ka mayunitsi, ndipo kumene amakhala netiweki imagwira. Mayi wotere akanabwera ku sikelo ngakhale popanda uthenga wathu. Tikamupatsa chidwi chathu chonse chifukwa choti amatisangalatsa ndi mayankho, tikuthira ndiwo pa mbale yodzaza kale.

Nanga wosayankhayo ndi ndani? Amene wakhalapo pa tebulo la kaundula akudziwa kuti nambala yolembedwa m'buku kawirikawiri si ya mayiyo. Ndi ya bambo a kunyumba, amene m'mawa amapita nayo ku ganyu, kapena ali kunyanja, kapena ali ku Joni. Ndi ya mlamu, ya apongozi, ya mnyamata wa pa golosale. Mtsikana wa zaka 16 amene akubisa mimba amapereka nambala iliyonse kuti namwino asamufunse zambiri. Wina foni idaphwanyika, wina adagulitsa nthawi ya njala kuti agule chimanga, wina simukhadi idatsekedwa. Ndipo pali wina amene uthenga adauona bwinobwino koma sadziwa kuwerenga, ndipo akuchita manyazi kupempha mwana wa sukulu kuti amuwerengere za mimba. Anthu onsewa kompyuta imawaunjika pa gulu limodzi, la osachita chidwi. Dzina limenelo ndi bodza, ndipo limatipatsa chilolezo chowaiwala.

Tikumbukenso kuti makina satiuza zambiri monga timaganizira. SMS wamba imangosonyeza kuti uthenga wafika pa foni. Siuza ngati wina wauwerenga, kapena kuti wawerengayo ndi ndani. Timizere tabuluu ta pa WhatsApp tingatanthauze kuti mwana amene amasewera ndi foni watsegula. Kuyeza chidwi cha mayi ndi zizindikiro zoterezi kuli ngati kuyeza malungo pogwira chitenje.

Choncho muyeso weniweni ukhale kaundula wa sikelo, foni ibwere pambuyo. Mukaika zinthu ziwirizi pamodzi, magulu amasintha nkhope. Mayi amene sayankha uthenga koma sadumpha tsiku lake, musiyeni mumtendere. Kachikumbutso kamodzi tsiku lake likayandikira n'kokwana. Amene amayankha ndi kubwera, mumuthokoze, ndipo ngati avomera angathandize kulimbikitsa anzake a m'mudzi mwake. Pali gulu lina lonyenga, la oyankha mwaulemu kuti abwera koma osaoneka. Amenewa afunika kuimbiridwa ndi munthu, chifukwa pamakhala chifukwa chimene sichingalembedwe pa uthenga: ndalama ya kabaza, mtsinje wodzaza, bambo wokana kuperekeza, kapena mawu achipongwe amene adalandira kwa mmodzi wa ife ulendo wapita. Gulu lomaliza ndi la amene sayankha komanso sabwera. Kwa amenewa foni yalephera, ndipo kuwonjezera mauthenga ena khumi sikungasinthe kanthu. Dzina lawo lichoke pa kompyuta lipite m'manja mwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo, ayende akawaone.

Apa ndi pamene ndalama zimavuta, ndipo sindibisa. Uthenga ndi wotchipa, pamene ulendo wa panjinga kupita kumudzi wakutali umadya tsiku lathunthu la munthu amene ali kale ndi ntchito zambiri. Oyang'anira chuma m'zipatala zathu akanena kuti sitingathe kuyendera aliyense, akunena zoona. Koma phindu lenileni la kugawa m'magulu lili pomwepo. Ngati makina atichotsera ntchito yokumbutsa amayi ambiri amene akuyenda bwino, nthawi ndi mafuta zimene zapulumukazo zipite kwa ochepa amene asowa. Kupanda kutero, makinawo angotipatsa mpumulo, mayi wakumudzi osapindulapo kanthu. Walira mvula walira matope: amene watolera manambala a anthu wadzisenzetsa udindo wofunsa pamene nambala yakhala chete.

Ndili ndi nkhawa ina yokhudza malipoti. Bungwe lothandiza likamafuna kuona kuti amayi ambiri akuyankha, njira yachidule yokometsera chiwerengero ndiyo kuchotsa osayankha pa mndandanda. Amalonda amachita zimenezi poyera ndipo amati n'kuyeretsa mndandanda. Ku chipatala, lipoti limakongola pamene mayi wachotsedwayo akuchirira kunyumba popanda mzamba. Ndikadakonda makomiti a zaumoyo a dayosizi akamalandira malipoti otere azifunsa kuti: mwa amene adasowa mwezi watha, mwawapeza angati, ndipo adakuuzani chiyani? Ophunzira anga a uzamba ndimawauza kuti mzere wopanda kanthu m'kaundula nawo ndi chizindikiro cha matenda, uwerengedwe monga timawerengera kuthamanga kwa magazi.

Pali chinthu china chimene amalonda sada nacho nkhawa kwenikweni koma kwa ife ndi chachikulu, ndicho chinsinsi. Kuyambira mu 2011 Malawi adayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi HIV, ndipo amayi amenewa ndiwo timafunitsitsa kuti asasowe. N'zosavuta kuwaika pa gulu lawolawo ndi kuwatumizira zikumbutso za mankhwala. Koma ngati foniyo ndi ya bambo amene sadauzidwe, uthenga umodzi ungathetse banja kapena kubweretsa nkhonya usiku womwewo. Ngakhale uthenga wosatchula matenda ungaulule chinsinsi, ngati m'mudzi azindikira kuti mawu akutiakuti amapita kwa anthu akutiakuti okha. Mayi afunsidwe payekha, chitseko chili chotseka: foniyi ndi ya yani, ndani winanso amaigwira, mukufuna tilembe mawu otani, kapena tisatumize konse? Akakana, kukanako kulemekezedwe ndipo kusamuchotsere chisamaliro chilichonse. Lamulo loteteza mbiri za anthu lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2024, limene MACRA ikuyang'anira, limaika nkhani za umoyo pakati pa zofunika kusamalidwa mwapadera, koma lumbiro lathu la unamwino lidanena zimenezi kale lamulolo lisanabwere. Za magulu a WhatsApp ndinene mwachidule: m'menemo aliyense amaona nambala ya mnzake, choncho ndi malo a maphunziro a onse, osati otchulirana mayina a amene sadabwere.

Gulu limene limaiwalika kwambiri ndi la amayi amene apita padera kapena amene mwana wawo wamwalira. Kompyuta imawerenga masabata basi. Ngati palibe wauza makinawo, mayi amene waika mwana wake m'manda adzalandirabe uthenga womuuza kuti sabata ino mwana akuyamba kumwetulira, kenaka wa katemera wa chikuku pa miyezi 9. Sindidziwa nkhanza ina yochitika mosadziwa yoposa imeneyi. Ndipo mayi wotereyu sayankha, ndiye amagweranso pa gulu la osachita chidwi lija. Chipatala chilichonse chisanatumize uthenga woyamba chigwirizane kuti ndani adzaimitsa mauthenga tsiku lomwelo imfa ikachitika, kaya m'chipinda chochirira kaya kumudzi. Mayi ameneyu akufunikabe kuonedwa, pakuti thupi lake ladutsa m'zonse zimene thupi la wobereka limadutsamo, koma womuona akhale munthu wokhala naye pansi.

Ife a mpingo tili ndi chuma chimene kampani ya mafoni ilibe. Zipatala za pansi pa CHAM zambiri zili kumidzi, ndipo pafupi ndi chilichonse pali miphakati, Amayi a Chikatolika, makatekisiti ndi magulu oyendera odwala. Anthu amenewa amadziwa nyumba imene foni siingafike. Tonse tidamva fanizo la nkhosa yotayika pa Luka 15, ndipo sindikufuna kulalikira pano. Ndingoti masamu a m'fanizolo ndi osiyana ndi a wamalonda, ndipo ndi amene adatilembetsa ntchito. Komabe tisamale. Mphakati si ofesi ya chipatala, ndipo mndandanda wa mayina a odwala usaperekedwe kwa atsogoleri a mphakati, ngakhale ali okhulupirika bwanji. Chimene angachite ndi kulimbikitsa mayi aliyense woyembekezera m'dera lawo, wa mpingo uliwonse kapena chipembedzo chilichonse, kumuperekeza, kusonkherana ya kabaza, kumusungira ana tsiku la sikelo. Kulondola munthu ndi dzina lake ikhale ntchito ya wazaumoyo amene adalumbira kusunga chinsinsi, pokhapokha mayiyo atatchula yekha mnzake amene akufuna kuti azimukumbutsa.

Zonsezi sizifuna makina odula. Chipatala chaching'ono chingayambe ndi danga limodzi lowonjezera m'kaundula, losonyeza mwini foni ndi chilolezo cha mayi, komanso chizolowezi choti Lachisanu lililonse mzamba ndi mlangizi wa zaumoyo akhale pansi theka la ola, aone amene adumpha tsiku lawo sabata imeneyo, agawane kuti uyu aimbiridwa, uyu ayenderedwa. Lolemba m'mawa, sikelo isanayambe, afunsane kuti amene adapita kukamuona uja adamupeza ali bwanji.