Filimu imene ndimaikonda

Ku Mandimba ndi ku Cuamba anyamata ambiri amakonda mafilimu a karate. Ine ndimakonda La Bamba, filimu ya mu 1987.

Imanena za Ritchie Valens, mnyamata wa ku America wa mtundu wa ku Mexico. Mu 1958 iye anatenga nyimbo yakale ya makolo ake, naiimba mwa rock and roll, m'Cisipanya. Anamwalira mu 1959 pa ngozi ya ndege ali ndi zaka 17, koma nyimboyo ikumvekabe.

Nanga ife? Ena amacita manyazi kuimba m'Cinyanja kapena m'Ciyao. Manyazi a ciani? Gulu la Massukos la ku Lichinga lafika ku Ulaya ndi nyimbo za kwathu. Pitani kwa agogo ku Ngauma, akakuphunzitseni nyimbo zao zisanaiwalike.