Waranti ya ku Joni siwoloka Limpopo

Abale athu a geni ndi madalaivala, makamaka inu amene mumatsika ndi katundu ku Hauna kapena kukhotera pa Tanganda Halt kupita ku Chipinge, pali mawu amene tikuyenera kusiya kuwatchula mwachisawawa pogulitsa makina. Mawu ake ndi akuti "ili ndi waranti ya chaka chathunthu." Timawanena chifukwa alembedwa pa katoni, ndipo kasitomala akawamva amatulutsa madola msanga. Koma kapepala ka waranti kaja kanalembedwera munthu amene amakhala pafupi ndi shopu. Kwa mlimi wa tiyi wa ku Honde Valley, amene shopuyo ili pa mtunda woposa makilomita 1,000 kuchokera pakhomo pake, waranti yake ndi munthu amene anamubweretsera makinawo. Ndife amenewo.

Tidziwane kaye amene timawagulitsa. Makampani akuluakulu a tiyi, monga Tanganda amene ali ndi maesiteti a Ratelshoek, Jersey, Zona ndi New Year's Gift, kapena Ariston ku Southdown, kapena Eastern Highlands ku Honde, sagula jenereta kwa munthu wa pa thiraki. Ali ndi maofesi ogula zinthu ndiponso amakanika awo. Athu ndi alimi ang'onoang'ono amene amagulitsa masamba ku fakitale, akapitawo amene akusunga kandalama kuti ayambe dimba, alimi a nthochi a m'mbali mwa Pungwe, ndi a makademiya ndi mapeyala ku Chipinge. Ena mwa iwo ndi ana ndi zidzukulu za agogo athu amene anachoka ku Malawi kudzathyola tiyi, ndipo amatikhulupirira chifukwa timalonjerana m'Chichewa. Amaoda makina otchetchera, tcheniso, pampu ya madzi, sipuleya ya injini, invata ndi batire la sola. Ndalama yake ndi ya miyezi yambiri.

Chinthu chatsopano sichitanthauza chinthu chabwino. Mafakitale ambiri a katundu wotchipa sayesa makina aliwonse. Amatolapo ochepa pa gulu, otsalawo amangowatsekera m'katoni. N'chifukwa chake mumapeza pampu yatsopano ikudontha pa silo tsiku loyamba, chingwe cholizira injini chikuduka pokoka kachitatu, kapena bokosi likusowa kabawuti kamodzi kamene popanda iko makina sagwira. Zoterezi zimachitika ngakhale pa mayina odula. Kusiyana kwake n'kwakuti munthu wa ku Germiston amabwerera ku shopu masana omwewo.

Lamulo la ku South Africa pa nkhani imeneyi ndi labwino ndithu, ndipo ambiri a ife sitilidziwa. Consumer Protection Act ya 2008, gawo 56, imati katundu akapezeka ndi vuto mkati mwa miyezi 6, wogula atha kumubweza, ndipo wogulayo ndi amene amasankha: akonzeredwe, apatsidwe wina, kapena abwezeredwe ndalama. Akakonza ndipo vuto lomwelo n'kubwereranso mkati mwa miyezi 3, shopu iyenera kupereka wina kapena ndalama. Izi zilipo ngakhale mwini shopu atapachika chikwangwani choti sabweza ndalama. Komatu lamulolo silikwera basi. Kuti ligwire ntchito, makinawo ayenera kufika pa kauntala, ndi lisiti lake, miyezi 6 isanathe. Masiku amayamba kuwerengedwa pamene ife tinalandira katunduyo ku Joni, osati pamene mlimi anamuliza koyamba. Ngati makina anakhala mwezi m'nyumba kudikira ulendo, mwezi wina pa shelefu ku Mutare, mlimi watsala ndi miyezi 4 iye osadziwa.

Tsono werengani ulendo wobweza. Kuchoka ku Hauna kukwera phiri lija mpaka msewu wa Nyanga, Mutare, Birchenough Bridge, Masvingo, Beitbridge. Pa boda, ngati simunalembetse makinawo kwa a ZIMRA potuluka, ndi nambala yake, pobwera adzawaona ngati katundu watsopano ndipo dyute mudzalipira kachiwiri. Kufika ku shopu adzakuuzani kuti asiyeni tiwatumize kwa amakanika athu. Inu thiraki ikudikira kupakira, simungagone sabata ziwiri. Mubwera ulendo wina. Nthawi yonseyi mvula ikugwa, tiyi akuphuka, ndipo tiyi sadikira munthu. Masamba akapitirira nthawi yothyola amakhwima, fakitale imawakana kapena kuwadula mtengo. Makina amene afa mu Disembala n'kubwera mu Malichi aphonya nyengo yonse yandalama. Mlimi ameneyo sadzadandaula za fakitale ya ku China. Adzatchula dzina lanu pa depoti, pa tchalitchi ndi pa gulu la WhatsApp.

Pali chinthu china chimene timachinyalanyaza, ndipo ife tikuona kuti ndicho chimapha makina ambiri kuposa fakitale yeniyeniyo. Ndi petulo. Kuyambira 2013 petulo wa ku Zimbabwe amasakanizidwa ndi ethanol mwalamulo, ndipo nthawi zina mlingo wake umafika 20 peresenti. Ethanol wambiri amachokera ku nzimbe za ku Chisumbanje, m'boma lomwelo la Chipinge. Tsegulani kabuku ka injini yaing'ono ya Honda, kapena ka makina ambiri a Stihl, mupeza akuti ethanol asapitirire 10 peresenti. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo ku Honde chinyezi sichisowa. Amaumitsa timapaipi ta labala ndi kachikopa kopyapyala ka m'kabyuleta. Petulo akagona m'thanki masabata angapo, madzi amakhala pansi, injini imayamba kutsokomola. Makanika wa ku Joni akatsegula kabyuleta n'kuona zimenezi amalemba kuti vuto ndi mafuta, ndipo waranti imathera pomwepo. Mwayenda ulendo wonse uja kukangomva mawu awiri.

Onjezanipo nkhani ya oyilo. Makina osakaniza petulo ndi oyilo amasiyana miyezo. A Stihl amafuna 50:1, ena otchipa amafuna oyilo wochulukirapo. Kumudzi anthu amayeza ndi chivindikiro cha botolo, ena amathira oyilo wa galimoto. Pisitoni ikakandika, palibe shopu imene idzavomere kuti ndi vuto la fakitale. Ndiye amene amagulitsa makina osapereka botolo la oyilo woyenera, kabotolo koyezera, ndi malangizo oti thanki ikhuthulidwe ngati makina akhala osagwira ntchito, akudzikumbira yekha dzenje. Zinthu zimenezi mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi ulendo umodzi wobweza.

Za katundu wachinyengo tisatalikitse, tonse timamudziwa. Mtundu wa penti womwewo, dzina losiyana chilembo chimodzi, mtengo theka. Palinso katundu weniweni koma wolowa mosadzera kwa mwini dzina. Lamulo la ku South Africa limakakamiza shopu kuikapo chidziwitso choonekera, ndipo ajenti ovomerezeka kawirikawiri samukonza ulere. Kugulitsa katundu wotere si tchimo ngati wogula wauzidwa. Kumutchula kuti "orijino" ndiye kuba.

Zoyenera kuchita pa shopu n'zotopetsa koma si zovuta. Katoni itsegulidwe inu mulipo. Injini ilizidwe, ndipo isangolira n'kuzimitsidwa: itenthe, izimitsidwe, ilizidwenso ili yotentha, chifukwa mavuto ena amaoneka pamenepo. Jenereta ilumikizidwe ku chinthu chokoka magetsi ambiri ngati girayinda. Pampu ikoke madzi ngakhale a mu ndowa. Ngati wogulitsa akukana kuthira mafuta, akuti katoni ikatsegulidwa ndiye mwagula, tulukani, mashopu ndi ambiri. Lisiti likhale lenileni lamsonkho, lokhala ndi dzina la shopu ndi nambala ya makina, osati kapepala kolembedwa "injini imodzi." Lijambuleni pa foni tsiku lomwelo, poti malisiti a pa makina aja amafufutika ndi kutentha kwa m'kabini asanafike ndi ku Musina komwe. Ndipo funsani funso limodzi limene ambiri timaiwala: kodi dzina limeneli lili ndi ajenti ku Mutare kapena ku Harare, ndipo adzalandira lisiti la kuno? Yankho likhale lolembedwa. Nthawi zambiri yankho ndi ayi, ndipo pamenepo muwerenge bwino, mwina kugula kwa ajenti wa ku Mutare, ngakhale kuli kodulirapo, kukusiyirani phindu lochepa koma tulo tabwino.

Tipatuke pang'ono, madalaivala, chifukwa waranti yomweyi yayamba kubweretsa mapempho oopsa. Ku Chipinge kuba makademiya ndi vuto lodziwika, ndipo minda ina ili ndi alonda amfuti. Palinso anthu amene amagula mfuti zodula za mpikisano wowombera timbale m'mwamba. Mfuti nazo zimatuluka m'fakitale ndi mavuto: ina siyitulutsa katiriji, ina chogwirira chimang'aluka isanathe mwezi. Mwini wake atha kukupemphani kuti, "Achimwene, ingondiponyerani kwa amene ndinagula, ndi ya waranti basi, mapepala ndili nawo." Mapepalawo ndi ake, si anu. Ku South Africa, Firearms Control Act ya 2000 imawerenga ngakhale mpope wokha wa mfuti ngati mfuti yathunthu, ndipo kupezeka nayo popanda chilolezo kungakugonetseni m'ndende mpaka zaka 15. Mfuti yowonongeka ndi mfutibe. Apite kwa wogulitsa mfuti wovomerezeka ndi kupolisi akatenge zilolezo zotulutsira ndi zolowetsera. Ndalama iliyonse imene angakulonjezeni siingafanane ndi thiraki ya abwana itagwidwa pa sikana ya Beitbridge.

Tibwerere ku makina. Chimene ife tikulimbikitsa n'chakuti aliyense apereke waranti yakeyake, yaifupi, yolembedwa, imene angathe kuikwaniritsa. Mwachitsanzo: masiku 30, vuto la fakitale ndikonza kapena ndisintha pompano, vuto la mafuta ndi kugwetsa ndi lanu. Asayine onse awiri m'kabuku. Kuti zimenezi zitheke, pa makina khumi aliwonse muikepo mtengo wa limodzi loonjezera, munyamule kabyuleta, mapulagi, zingwe zolizira ndi masilo, ndipo mupangane ndi makanika mmodzi wa pa Hauna kapena m'tauni ya Chipinge amene adziona makina anu. Komanso musamasinthesinthe mitundu. Wobweretsa mtundu umodzi chaka chonse amakhala ndi zipangizo zogwirizana. Wobweretsa chilichonse chotchipa sabata imeneyo amakhala ndi mulu wa zitsulo kuseri kwa nyumba.

Tikudziwa ena anena kuti mtengo ukakwera kasitomala athawira kwa mnzathu amene akulonjeza chaka chathunthu pa mtengo wotsika. Zoona, ena athawa. Mpamba wathu ndi wochepa, ndipo kusunga makina amodzi osagulitsa kumapweteka. Koma msika wa ku Honde ndi msewu umodzi wolowera, anthu ake amadziwana, ndipo alimi amakumana pa sikelo poyeza masamba. Wolonjeza chaka uja amagulitsa nyengo imodzi, yachiwiri amasintha nambala ya foni. Kuonjezera apo, Zimbabwe nayo ili ndi Consumer Protection Act yake ya 2019 ndi komishoni yolandira madandaulo. Pamaso pa lamulo limenelo wogulitsa si shopu ya ku Joni ayi. Ndi amene analandira ndalama m'manja mwa mlimi.

Amene mukudziwa amakanika odalirika a injini zazing'ono ku Hauna, ku Chipinge kapena ku Checheche, tiuzane m'bokosi, manambala asaikidwe poyera. Tikufuna tikhale ndi mndandanda mvula yoyamba isanagwe, chifukwa maoda a makina otchetchera ndi masipuleya amachuluka mu Okutobala.