Thambo la Chisanu Lisasowe Mlonda

Ndi mwambo wathu ife Amalawi kuti, mwezi wa Novembala ukayandikira, aliyense, kuyambira mfumu ya ndodo kufikira kamnyamata koweta mbuzi, amakweza maso ake kufunsa mitambo za mvula. Koma chimanga chikalowa m'nkhokwe, mwera nuyamba kuvundula nyanja, maso omwewo amatsikira pamoto, ndipo palibenso wosamala za kumwamba kufikira dzinja lina. Mwambowu unali woyenera m'masiku a makolo, pamene munda wa dzinja unkadyetsa banja chaka chathunthu. Lero ndi tulo toopsa, pakuti akuluakulu anati pakadafunda padajiwitsa galu.

Amene anaona chaka cha 2024, pamene ng'amba ya El Niño inapsereza mbewu kufikira kuti boma linalengeza ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino, adziwa kuti mabanja ambiri anakafuna chipulumutso kudimba. Tsono ngati dimba lasanduka nkhokwe yachiwiri ya fuko, kodi nchifukwa ninji nyengo imene dimbalo limakuliramo, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, ilibe alonda?

Lingalirani za chisanu chimene chimawaula mbewu m'madera okwera a Dedza ndi Ntcheu. Sichidza ndi mkokomo ngati namondwe ayi. Chimasankha usiku umene kumwamba kwayera, nyenyezi zili ngwee, mphepo yaleka, pakuti pamenepo nthaka imataya kutentha kumene inalandira usana, ndipo mpweya wozizira, pokhala wolemera, umatsetsereka m'zitunda nukagona m'madambo, momwemo mmene mlimi wabzala tomato, nyemba ndi kachewere chifukwa cha chinyontho. Chotero munthu wogona pamtunda angadzuke nati kunali kuzizira kwa masiku onse, pomwe kutsetse kwa munda wake masamba ada kale. Ngakhale chisanucho chisafike powaula, chimanga chimaima kukula kutentha kukatsika pansi pa madigiri 10. Ndipo wobzala osadziwa zimenezi amadandaula za mbewu ndi feteleza, chonsecho wolakwa ndi mwezi umene anabzalira.

Kumwera mdani ndi wina. Chiperoni, mphepo yachinyontho yochokera ku Mozambique, imaphimba Thyolo, Mulanje ndi Blantyre ndi nkhungu ndi mvula yowaza kwa masiku angapo: eni minda ya tiyi amaiyamika, koma tomato amene wakhala wonyowa masamba usana ndi usiku amagwidwa ndi chiwawu.

Sindinyoza akatswiri a Dipatimenti yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo, amene amachenjeza asodzi za mwera mokhulupirika, nasunga zipangizo zawo ku Chileka, Chitedze, Bvumbwe ndi kwina. Koma chipangizo cha pa bwalo la ndege chimanena za pa bwalo la ndege. Sichingadziwe dambo liti limene limasonkhanitsa chisanu, ngakhale chitsime chiti chimene chidzaphwa Seputembala asanathe. Nzeru zimenezo zimapezeka pomwe pali mbewu, ndipo wozitola ayenera kukhala wa pomwepo.

Chimene ndipempha, mafumu ndi inu alangizi, sichifuna chuma cha Solomo. Kalabu iliyonse ya ulimi wothirira ikhale ndi kachipangizo koyezera kuzizira, kopachikidwa m'dimba momwemo, osati pakhonde la ofesi. Ikhale ndi ndodo yolembedwa mizere yoyezera madzi m'chitsime tsiku limodzi pa sabata. Ikhalenso ndi kope limene mlembi, kapena ana a sukulu yapafupi, amene angaphunziremo masamu a phindu, adzalembamo m'mawa uliwonse zimene aona, pamodzi ndi tsiku limene mbozi zayamba kuoneka m'nsonga za chimanga (pakuti mbozi zimene zinatifikira cha m'ma 2017 zimadikira dzinja zili m'chimanga cha kudimba chomwechi). Ena adzati makolo athu sanalembe kanthu, koma anadziwa nyengo. Inde anadziwa, chifukwa anakhala pa dambo limodzi moyo wawo wonse, nayang'ana. Ife tayendayenda, takumba madimba m'malo amene iwo anasiyira ng'ombe, ndipo nyengo yomwe yasintha mayendedwe ake.

Kope lotere likatha zaka zitatu kapena zinayi, mudzi udzadziwa masabata amene chisanu chimakonda kugwa, nusuntha nazale kumtunda pang'ono, kapena kuchedwetsa kuwokera. Ndipo mawayilesi a m'madera akamalandira malipoti otere, angathe kuchenjeza masana kuti usiku ukudzawo ndi wa chisanu, kuti alimi athirire nthaka dzuwa lisanalowe, popeza nthaka yonyowa imasunga kutentha kuposa youma, ndi kufunditsa mbande zawo ndi udzu.